Parasol Yofiira ndi Bulauzi ya Apongozi

Mpaka lero ndikamva munthu akuyankha kuti "ndikudziwa" mnzake asanamalize n'komwe kulankhula, ndimamumvera chisoni. Matenda amenewo ndinali nawo inenso, ndipo anandigwetsa pamsewu wa ku Kawale, pamaso pa apongozi.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa nyumba ina yosungiramo fodya ku Kanengo, ndipo ndinali nditafunsira Tiyamike, yemwe ankakhala kwa achemwali ake ku Kawale. Amalume ake anali atavomera, koma iye anandiuza mosabisa kuti amayi ake a ku Thyolo akapanda kundikonda, chinkhoswe kulibe. Amayiwo ankabwera ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi, ndipo ine ndinapatsidwa ntchito imodzi yokha: Loweruka masana ndikawachingamire pa siteji ya minibasi ku Biwi, ndiwafikitse kunyumba.

Unali mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinaganiza kuti mkamwini wanzeru salola apongozi kupsa ndi dzuwa, choncho ndinapita pa kaunjika. Kumeneko ndinapeza ambulera yofiira ya nsalu ya timabowo tamaluwa, ya mphonje m'mphepete monse.

"Bigi, iyi si ambulera wamba ayi," anatero wogulitsayo. "Ndi parasol. Ya dzuwa basi, koma mvula..."

"Ndikudziwa," ndinamudula. "Chingerezi ndinakhoza ine."

(Mawuwo ndinali ndisanawamvepo chibadwire.) Lolemba ndinakawayang'ana mu dikishonale ya kuntchito, ndipo inanena zomwezo: ambulera yopepuka yodzitchinjiriza nayo ku dzuwa. Ine ndinangotolapo dzinalo, tanthauzo ndinalisiya m'buku momwemo. Sabata yonse anzanga anatopa nane. Aliyense wotchula ambulera ndinkamuwongolera ngati mphunzitsi wa Fomu 4.

Loweruka amayi anatsika minibasi atavala yunifomu ya kutchalitchi, bulauzi yoyera mbee, duku loyeranso. Ndinawerama, n'kuwomba m'manja pang'ono, maso pansi.

"Amayi, ndakubweretserani parasol."

"Chiyani?"

"Parasol, amayi. Azungu amatero."

"Oho," anatero, akuyang'ana kumbali.

Apa ndifotokoze kaye, kuti musandiseke mopitirira. Ine ndinaleredwa kuti mkamwini sayang'ana apongozi kumaso ndipo sayenda nawo phewa ndi phewa. Nawonso amayiwo anali a mwambo womwewo. Ndiye ndinkayenda kumbuyo kwawo chakumbali, mkono nditautambasula mpaka kumapeto kuti mthunzi uwafikire, khosi nditalipindira ku ngalande. Ndikanatha kukuuzani zinyalala zonse za m'ngalande ya ku Biwi, koma osati zimene zinkachitika pansi pa parasol yanga.

Tisanafike pakati pa ulendo, kumwamba cha ku Area 23 kunada bii. Madontho atayamba, ndinamva amayi akuchepetsa liwiro pafupi ndi khonde la golosale ina, pomwe anthu ankathawira.

"Musadandaule amayi, muli otetezeka," ndinatero ndikuuza ngalande.

Iwo sakanatsutsana ndi mkamwini pamsewu. Anapitiriza kuyenda, mvula n'kukhuthuka.

Anthu a m'makonde anayamba kutiloza. Ine mumtima ndinati, aone, ku Kawale kwafika chinthu cha Azungu. Mayi wina wogulitsa tomato anakuwa kuti, "Inu abambo, tawayang'anani amayiwo!" Ndinapsa mtima. Ndiyang'ane apongozi? Ndinang'ung'udza kuti anthu a m'tauni anataya mwambo, n'kupindanso khosi kwambiri. Mkono unkawawa, madzi ankalowa m'kolala n'kutulukira m'nsapato, koma ndinalimba. Ndinkadziona ngati mwamuna weniweni.

Titalowa pa mpanda, Tiyamike anaponya mbale imene anali nayo m'manja.

"Mayo ine! Amayi, minibasi yachita ngozi?"

Apo m'pamene ndinaswa mwambo n'kuyang'ana. Parasol ija inali itasanduka sefa. Madzi onse ankadutsa m'timabowo tija atatenga utoto, ndipo amayi anali ofiira kuyambira pa duku mpaka m'chiuno. Mphonje zija zinali zitawajambula mizere kumsana. Yunifomu anabwera nayo imodzi yokha, ndipo m'mawa mwake ankayenera kukaimba nayo kutsogolo potseka msonkhano. Ndinachita manyazi oti mpaka pano ndikakumbukira ndimatuluka thukuta.

Atasintha zovala anakhala pamkeka, ine pa kampando pafupi ndi chitseko, ndikudontha. Sanalankhule ndi ine mwachindunji.

"Tiya, tawafunsa abambowa. Wogulitsayo sanawauze kuti chinthuchi n'cha dzuwa?"

Bodza linafika pakamwa, koma ndinalimeza. "Anandiuza, amayi."

"Nanga iwo anati chiyani?"

"Ndinati ndikudziwa."

Achemwali ake a Tiyamike anathawira kukhitchini, ndipo ndinamva mapoto akugwedezeka ndi kuseka kwawo. Ndinatsanzika ndikudziwa (apa ndinkadziwadi) kuti ukwati wapita ndi madzi a m'ngalande.

Bulauzi ija anainyika, anaichapa, anainyikanso, koma inangochoka pa kufiira n'kukhala yapinki. Lamulungu amayi anakaimba ndi yobwereka, ya manja olekeza m'zigongono. Ine sindinapite. Ndinangokhala ndi foni m'manja, osalimba mtima ngakhale kubipa.

Lolemba Tiyamike anandipeza pa geti ku Kanengo, nkhope ili gwa. Anati amayi anyamuka ndipo asiya mawu. Mawuwo anali akuti: "Mwamunayu makutu alibe. Koma mkono uja sanautsitse kuchokera ku Biwi mpaka kuno, iye akunyowa ngati nkhuku, ndipo nditamufunsa sananame. Makutuwo ukamupangire wekha."

Pa chinkhoswe, ena akupereka mbale ndi mitondo, amayi anapatsa mwana wawo kaphukusi kakang'ono. Munali bulauzi yapinki ija, yosita bwinobwino.

Mpaka lero bulauziyo imakhala pansi m'sutikesi yathu. Tikamakambirana za m'nyumba ine n'kungoti "ndikudziwa," Tiyamike sakangana nane. Amalowa kuchipinda, n'kubwera nayo, n'kuiyanika pa mpando wanga. Ndikanakonda kukuuzani kuti njenjete zinaidya kalekale, koma siipeza mpata wokhalitsa m'sutikesimo. Dzulo lomweli ndinadyera chakudya chamasana nditakhala pa sitepe.