Mabokosi Awiri a Chinkhoswe cha Esinati

Lolemba

Katundu wafika. Abwera naye alamu anga a Waisoni pa njinga yamoto, kuchokera tsidya la malire ku Mozambiki. M'katonimo muli:

masipika awiri aakulu ngati lichero
tiwiri ting'onoting'ono, akuti ta mawu opyapyala
kabolodi kobiriwira, akuti ndiko ampulifaya
mawaya ofiira ndi akuda
pepala la malangizo, lonse m'Chipwitikizi

Mabokosi oikamo mulibe. Imeneyo ndi ntchito yanga. Ndine kalipentala pano pa Chonde kuyambira ndisanakwatire. Zitseko, mabedi, mabenchi a m'tchalitchi, mabokosi a maliro. Bokosi silingandivute.

Loweruka ndi chinkhoswe cha mwana wanga Esinati. Pa chinkhoswe bambo alibe ntchito. Kulankhula ndi kwa ankhoswe, kuphika kwa azimayi, bambo amangovala jekete nkukhala pampando. Ndiye pa msonkhano wokonzekera uja, itafika nkhani ya zoimbira, ndinaimirira. A Mulipa a ku Boma, amalume ake a mnyamata wofunsirayo, anali atayamba kale kunena kuti kwawo kuli masipika ochokera kunja. Ine: "Musavutike. Zoimbira tipanga tokha." Anthu anawomba m'manja. Mawuwo inenso ndinawamva koyamba limodzi ndi iwo.

Dongosolo: Lachiwiri mabokosi. Lachitatu mawaya. Lachinayi kuyesa. Lachisanu kupuma. Kupuma!

Pepala lija ndapita nalo kwa a Jowawo, mkulu woyandikana nafe, amene anakulira tsidyalo. Alipenya nthawi yaitali, chala chikuyenda mzere ndi mzere. "Apa akuti samalani. Apanso samalani. Apa pansipa, samalani kwambiri." Ndathokoza.

Lachiwiri

Matabwa a paini, guluu, misomali ya inchi imodzi ndi theka. Pofika masana mabokosi onse awiri aima.

Pa chithunzi cha papepala bokosi ndi lowongoka mbali zonse. Anga atuluka otambalala kumapewa, opanikizika kumapazi. Sindinafune choncho. Manja ali ndi chizolowezi chawo.

Ndapaka vanishi, ndawagoneka pabenchi panja kuti aume, moyandikana.

Wakabaza wina wadutsa, wavula chipewa.

Azimayi awiri a kutchalitchi kwathu aima pamsewu, anong'onezana, abwera nkugwada pakhomo. "Pepani abambo. Awiri nthawi imodzi?" Ndafotokoza kuti ndi a chinkhoswe. Ayang'anana. Mmodzi wayamba kulira ndithu.

Amake Esinati: "Lowetsani zinthu zanuzo m'nyumba. Anthu ayamba kubwera ndi ufa."

Ndalowetsa. Ndaboola mabowo ozungulira oikamo masipika, lalikulu pansi, laling'ono pamwamba. Tsopano sakufanananso kwenikweni ndi a maliro. A Waisoni akuti ndi a maliro a munthu wofuna kuona amene abwera.

Utuchi uli m'tsitsi, m'makutu, mu tiyi.

Lachitatu

Lero linali la mawaya. Koma Esinati wandituma kukapereka mndandanda wa alendo kwa a Mulipa. Akanatha kuwatumizira pafoni. Ndadzipereka ndekha kupita. Ndikufuna ndiwaone masipika akunjawo, kungowaona basi.

Minibasi mpaka pa Boma. Nyumba ya mpanda, phiri lili kumbuyo kwake ngati nalonso ndi lawo. A Mulipa anagwira ntchito mu ofesi ya esiteti ya tiyi zaka zonse, ndipo akuti atapuma anzawo anagula magalimoto, iwo anagula masipika.

Nsapato pakhomo. Sokosi yanga yakumanja ili ndi bowo pachala chachikulu.

Chipinda chonse mpando ndi umodzi, pakatikati. Masipika ali kutsogolo, aatali kufika m'chiuno mwanga, akuda bii, owala ngati madzi a m'chitsime. Ndazungulira kufunafuna msomali. Palibe. Pamene matabwa akumana sipakuoneka. Ndagogoda ndi chala, a Mulipa apuma mokoka ngati ndawaponda. Bokosilo silinayankhe, ngati ndagogoda mwala. Langa ukaligogoda limayankha ngati ng'oma.

Andikhazika pampandopo. "Musatsamire kumanzere. Tsinzinani."

Aika nyimbo yakale ya gitala, yomwe ndaimva pa wailesi kuyambira ndili mnyamata. Ndikuidziwa yonse. Kapena ndimati ndikuidziwa. Chala cha woimba chikumveka chikutsetsereka pa nsambo. Akumveka akumeza malovu asanayambe ndime yachiwiri. Ndipo kumbuyo, chapatali, chitseko chikulira kwiii. Zaka zonsezi m'nyimbo imeneyi muli chitseko chosowa mafuta m'mahinjesi, ine kalipentala osadziwa!

Nyimbo itatha ndinakhalabe chotsinzina.

M'minibasi pobwerera ndayerekeza:

Awo: olemera, amuna awiri kunyamula limodzi. Anga: dzanja limodzi.
Awo: mawaya onenepa ngati chingwe cha ng'ombe. Anga: ngati ulusi.
Awo: amaimba.
Anga: ali ndi zogwirira. Awo alibe zogwirira!

Potsanzikana a Mulipa anati, "Mukaona kuti zavuta mungonena." Ine: "Athu atsala pang'ono." Akazi awo pondiperekeza pageti: "Ife m'nyumba muno timamvera kawailesi ka kukhitchini."

Lachinayi

Mawaya. Chowotcherera ndilibe, ndiye ndikuwotcha msomali waukulu pa mbaula nkumasungunulira mtovu. Zala ziwiri zapsa.

Kuyesa koyamba: huuuu. Palibe nyimbo, huuuu yekha, ngati njuchi zili m'denga.

Kachiwiri: lakumanzere likuimba! Lakumanja chete.

Kachitatu: lakumanja likuimba, lakumanzere chete. Akusinthana ngati alonda.

Kachinayi: onse awiri. Koma chodabwitsa, lililonse palokha besi ilipo, akaimba pamodzi besi ikuthawa. A Jowawo, amene akhala pachitsa kuyambira m'mawa osaitanidwa: "Akukangana amenewo. Wina akukankha, wina akukoka." Ndatembenuza waya wofiira ndi wakuda pa limodzi. Besi yabwerera. Mkuluyu sanandiyang'ane nkomwe.

Tsopano vuto ndi mabokosi. Ng'oma ikagunda m'nyimbo, matabwa akunjenjemera, drrr. Pa chithunzi mkati mwa bokosi muli zoyera ngati thonje. Thonje m'nyumba muno lili malo amodzi okha. Pilo wa amake Esinati tsopano ndi wopyapyala. Sanazindikirebe.

Drrr wachepa. Sanathe.

Ndaika nyimbo ya gitala ija. Ndatsinzina. Chitseko mulibe. Malovu mulibe. Koma nyimbo ilipo, ndipo ana a kutsidya kwa msewu ayamba kuvina. Ndakweza. Mbale zagwedera pa shelefu. Zikumveka mpaka pa golosale!

Esinati wafika kuchokera kuntchito, chikwama chili paphewa. Waima pakhomo la shedi yanga yopaliramo matabwa. "Ababa, ziimba Loweruka?" Ndati ziimba. "Chifukwa anzanga onse a kuntchito ndawauza kuti zoimbira apanga ndi bambo anga." Wagwira bokosi pamwamba, vanishi wamumata chala, waseka, wapita.

Chakudya chamadzulo sichinalowe bwino. Sindikudziwa chifukwa chake, poti zikuimba.

Lachisanu

Tsiku lopuma.

Chiperoni kuyambira mbandakucha. Phiri silikuoneka. Magetsi azima.

Nanga mawa akazimanso? Munthu wanzeru amakonzekera. Ndabwereka batire ya galimoto kwa a Waisoni kuti ndiyese. Pa batirepo zizindikiro zinafufutika kalekale. Mbali ziwiri zokha, ndiye mwayi ndi theka.

Phu!

Utsi woonda, wabuluu. Fungo ngati tsitsi lopsa. Pa kabolodi kobiriwira pali kadontho kakuda kochepa ngati nyemba. Kameneko kokha.

A Jowawo, ali pachitsa ndi ambulera: "Paja pansi pa pepala paja."

Amake Esinati: "Chapsa nchiyani?" Kenako: "Nanga pilo wanga wadwala chiyani?"

Ndazungulira mashopu onse a pa Chonde, kabolodi kali m'thumba la jekete. Wokonza mawailesi wakatembenuza, wakanunkhiza, akuti kamtundu umenewu mwina ku Limbe, mwina Lolemba. Chinkhoswe sichidziwa Lolemba.

Ndaima pa siteji mvula ikundinyowetsa. Maminibasi atatu a ku Boma ndawasiya adutse. Wachinayi ndakwera.

Nsapato pakhomo. Sokosi yomweyo, tsopano yonyowa. Ndanena zonse ndili chiimire. A Mulipa sanaseke. Bola akanaseka. Angoti, "Zimachitika, achimwene," nkunditsanulira tiyi. Kenako malamulo:

osawagwira
osawaika padzuwa
osawaika pafumbi
pokwezera mawu agwira iwo okha

Ndavomera zonse ngati mwana wa sukulu.

Kunyumba ndamuuza Esinati. Akusita nsalu yake ya mawa. "Chabwino, ababa." Sanakweze mutu. Wasita malo amodzimodzi katatu.

Loweruka

Kwacha bwino. Magetsi alipo tsiku lonse. Batire sikanafunika.

Masipika a a Mulipa afika pa pikapu, atagonekedwa pa matiresi, atafunditsidwa mabulangete, galimoto ikuyenda ngati yanyamula wodwala. Tawaika pakhonde, pamthunzi, pamphasa yatsopano. Mabokosi anga ndawakankhira pambali pa bwalo, pakhale pokhalira. Mipando yachepa.

Anthu adzaza mpaka kumsewu. Achibale a ku Phalombe, a ku Likhubula, anzake a Esinati a kuntchito atavala nsalu yofanana. Ine jekete, pampando.

Nyimbo yayamba. Yokoma zedi. Tikuimva anthu atatu: ine, a Mulipa, ndi gogo wina amene wakhala pafupi chifukwa cha mthunzi.

Bwalo lonse: "Kwezani!"

A Mulipa akweza pang'ono, ndi zala ziwiri.

"Kwezaniii!"

"Apa ndiye pamapeto. Awa ndi omvera, si ovinira."

Yafika nthawi ya perekaniperekani. Esinati waima pakati ndi lichero, mnyamata wake pambali. Anthu akuyenera kubwera akuvina. Akubwera akuyenda, ngati pamzere wa kuchipatala. Anzake a kuntchito aja akuyang'ana pakhonde, kenako kwa ine.

Ndiye azakhali ena a ku Phalombe, pofuna kumanga bwino chitenje, aika kapu ya thobwa pamwamba pa sipika. Yodzaza. A Mulipa aichotsa ndi manja awiri, apukuta ndi mpango wa m'thumba, azimitsa zonse, afunditsa mabulangete.

Zii. Bwalo lonse zii. Esinati ali chiimire ndi lichero lake, akuyang'ana pansi.

Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinawerenga mabatani a jekete langa.

Amake Esinati atuluka kukhitchini, manja ali ndi ufa, ayambitsa nyimbo ya kwawo, ya Chilomwe, yomwe sindinawamvepo akuimba chikwatiranireni. Azichemwali awo alandira. Nthungululu! Wina wagwira chigubu. A Waisoni, amene akhalira bokosi langa, atsegula miyendo nkuyamba kulimenya ndi manja. Likulira! Likumveka kuposa chigubu. Fumbi koboo, anthu akukankhana kufuna kufika pa lichero. Esinati akuvina, akuseka, akupukuta m'maso ndi mkono.

Pa nyimbo yachinayi thabwa lakutsogolo lang'ambika pakati. A Waisoni atembenuza bokosilo, apitiriza kumbuyo kwake.

Ine ndi a Mulipa tasamutsira masipika awo kuseri kwa nyumba chifukwa cha fumbi. Takhala pamenepo tikuwalondera, mbale ya mpunga ili pakati pathu. Phokoso likubwera modutsa denga. A Mulipa asuzumira pakona, abwerera. "Akazi anga akuvina uko." Atafuna mpunga. "Zaka zonsezi m'nyumba mwanga sanavinepo."

Ndawapatsa chiwindi. Alandira.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu akuti chinkhoswe chotere sichinachitikepo pa Chonde. Akuyamikira amake Esinati. Akuyamikira a Waisoni, amene manja awo atupa. Mkulu wa mpingo wandigwira chanza nkundifunsa ngati dzulo ndinalipo.

Zotsala:

bokosi limodzi long'ambika, amake Esinati alitenga kale, nkhuni
bokosi limodzi lathunthu
masipika anayi abwinobwino, ndawatsomphola ndawabwezera m'katoni
kabolodi kakufa
zala ziwiri zamatuza

Esinati wandibweretsera tiyi kushedi, chinthu chimene sachita kawirikawiri. "Zinayenda bwino, ababa." Ndati ndamva. "Pa ukwati tidzangobwereka a ku holo." Ndati ndi nzeru yabwino. Ndi nzeru yabwinodi.

Ku Limbe mawa sindipita. Pali zitseko zitatu za anthu zikudikira kuyambira sabata yatha.

Bokosi lathunthu lija ndinalisiya kuseri kwa shedi. Masana ano ndamva phokoso kumeneko. Nkhuku ya amake Esinati, yamawangamawanga ija, yalowera pa bowo lalikulu, yadzikonzera pa thonje la pilo, yaikira dzira. Ikutetera ili mkatimo.

Ndakoka chitsa, ndakhala kutsogolo kwake, pakatikati. Ndatsinzina.

Mawu akutuluka oyera. Drrr palibe. Besi ilipo.