Tsiku Limene Galimoto ya Malume Inadzuka

Nkhani iyi ndi yamanyazi, koma popeza pa Kamwendo aliyense amaikamba m'mene akufunira, bola muimve kwa mwini wake. Mukaseka, sekani pang'ono, chifukwa munthu wosalakwa anatsala pang'ono kuphwanyidwa mutu pa chifukwa cha ine.

Amuna anga, bambo a Yankho, anasiyiridwa galimoto ndi malemu malume awo amene anali mphunzitsi ku Guilleme. Galimoto yakalekale, ya mphuno yaitali, mabampala onyezimira, mipando yotakata ngati bedi. Odziwa magalimoto akaiona ankati, "Iyi ndi kilasiki, musadzagulitse!" Ine ndinkangoona chitsulo chimene chinakhala pansi pa mtengo wa mango dzinja ndi chilimwe osasuntha.

Kusayenda kwakeko ine kunkandithandiza. Mwana wathu Yankho anali atangoyamba kukwawa, ndipo masana m'nyumba yathu ya malata mumatentha koopsa. M'galimoto muja munali mthunzi, magalasi akumbuyo anatsika kalekale osakweranso, mphepo inkadutsa bwino. Nkhuku sizimuponda, nyerere sizifika. Ndiye akagona masana ndinkamuyalira chitenje pampando wakumbuyo. Chitseko chimodzi chakumbuyo sichinkatsekeka, tinkachimanga ndi chingwe cha mphira, koma galimoto yoima ili ndi ngozi yanji?

Loweruka lina m'mawa bambo a Yankho anabwera ndi makaniki wochokera ku Chipata, dzina lawo a Mwanza. Munthu wamfupi, wosekaseka, ovolosi yakuda bii. Anatsegula boneti, nasuzumira, napukusa mutu.

"Vuto ni mapointi, yasila aya," anatero m'Chinyanja chawo cha kutsidya. "Masiku yano simungayapeze. Manje tizaikamo ilekitironiki, motoka izalila na kiyi chabe."

Ine ndinali pakhonde ndikuswa mtedza, Yankho ali pamiyendo. Sukulu ndinalekeza panjira, koma maso anga saphonya kanthu. Ndinawaona akuvula chipewa cha disitiributa, chija chimagawa moto ku mapulagi, nachotsa tizitsulo tija amati mapointi. M'malo mwake anamangamo kabokosi kakuda, kochepa kuposa bokosi la machesi, kokhala ndi mawaya awiri.

"Wofiira apita ku pulasi ya koyilo, wakuda ku mainasi," anawauza bambo a Yankho. "Mukasinthanitsa chabe, kapsa, mwataya."

Bambo a Yankho ankangogwedeza mutu ngati akumva zonse. Anachotsanso koyilo yakale, chitsulo chija chonga botolo, naika yatsopano, mawaya a mapulagi nawonso atsopano. Pakati pa ntchito a Mwanza anabwera pakhonde kudzamwa madzi, nayang'ana Yankho.

"Mwana wonenepa bwino uyu, amai!"

Ndinaseka mwaulemu, koma mumtima sizinandikomere. Mlendo wa kutsidya kwa boda, wabwerera injini, kunenepa kwa mwana wanga kukumukhudza bwanji?

Nthawi yoyesa inakwana. Bambo a Yankho analowa, napotoza kiyi. Injini inakhosomola, kenako kumbuyo kunaphulika, phuu! Nkhuku zinabalalika, Yankho analira. Anayesanso, phuu! Anayesanso, batire inangolira mofooka, nkukhala chete.

"Ilekitironiki yanuyo yatopa kale?" ndinafunsa.

"Mayi a Yankho, inu dziwani za mtedza," anatero amuna anga.

Anamasula batire ija, naimanga panjinga, nkunyamuka onse awiri kuti akabwereke ina yamoto kwa mnzawo wa matola. Ine ndinaona ndi maso anga galimoto ili yopanda batire, boneti ili yasa. Yankho atatopa ndi kulira anagona. Ndinamuyalira chitenje chake chobiriwira pampando wakumbuyo monga mwa masiku onse, ndinamanga chitseko ndi mphira, nkutenga beseni la matewera kupita kumjigo. Ndinati ndichapa msangamsanga.

Kumjigo ndinapeza mzere. Mukudziwa mjigo wa Loweruka: ndowa mbwee, nkhani nazo mbwee. Tili pakati pa nkhani, ndinamva injini ikulira chakumudzi. Inkakwera, nkutsika, nkukweranso, kenako inakhazikika, kulira mofewa ngati mphaka akugona.

"Si galimoto ya kwanu imeneyo?" anafunsa mayi a Joyce, oyandikana nafe nyumba.

"Yathu? Yathu imakhosomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe," ndinayankha. "Imeneyo ndi ya anamwino, abwera kudzaona odwala."

Ndinadzamva pambuyo pake kuti nthawi imeneyo nkuti atabwerako ndi batire yamoto, a Mwanza atapeza kuti mawaya awiri a mapulagi anasemphana. Atawakonza, anali akutembenuza disitiributa pang'onopang'ono, tochi yawo yothwanima ataloza pamene analemba ndi choko, kenako nkumapotoza kasikulu ka kabureta uku akumvetsera ndi khutu. Ine ndinali ndikufinya matewera, mtima uli m'malo.

Posakhalitsa fumbi linatulukira pamsewu wodutsa pamjigo. Mphuno yaitali. Mabampala onyezimira. Galimoto ya malume ikuyenda ndi matayala ake, popanda woikankha! Pa chiwongolero panali a Mwanza, okhaokha. Ikudutsa, ndinaona chitseko chakumbuyo chikunjenjemera pa mphira wake, ndipo pampando, chitenje chobiriwira chitakulungidwa.

Ndinaponya thewera pansi nkukuwa.

"Mwana wanga! Mwana wanga ali m'menemo!"

A Mwanza anandiona ndikukupiza manja. Anamwetulira, anandibayibitsa, naliza hutala, nkuponda moto.

"Mayo! Aba mwana!" anakuwa mayi a Joyce.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Ine sindinanene kuti aba. Ndinamva bwinobwino kuti nkhani yakula kuposa m'mene ndanenera, koma sindinaikonze. Ndinaona kuti mawu amenewo akuthamangitsa anthu, ndipo ndinkafuna athamange. Komanso m'mutu mwanga munabwerera mawu aja akuti mwana wonenepa bwino. Bwanji ali okha? Bwanji alowera kumsewu waukulu, wopita kuboda?

Ndinathamanga wopanda nsapato, thovu la sopo lili m'manja. Pamphambano ndinapeza wakabaza ataima pamthunzi, ndinangodumphira pakaliyala.

"Achimwene, tsatirani galimoto ija! Muli mwana wanga!"

"Galimoto ndi njinga, mayi?"

"Palasani!"

Anapalasa munthu uja. Msewu wathu ndi wa mabampu okhaokha, ndipo pa bampu iliyonse ine ndinkaona chitseko chija chikutseguka. Maso anga anali pansi, m'mbali mwa msewu, m'ngalande, m'maudzu. Chilichonse chobiriwira mtima unkadumpha. Ndinkapemphera mokweza, mapemphero osalongosoka, wakabaza nkumayankha ameni uku akupuma wefuwefu. Kumbuyo kwathu azimayi a kumjigo ankabwera akukuwa, amuna akutuluka m'minda ndi makasu. Wina anali ataimba kale foni kutsogolo.

Tinatulukira pa tala. Linali tsiku la msika, anthu piringupiringu. Chapatsogolo pang'ono pa siteji ya maminibasi ndinaona gulu la anthu litazungulira chinthu, ndipo pamwamba pa mitu yawo panaoneka boneti yotsegula.

A Mwanza anali ataima okha kuti akonze pang'ono taimingi, kagawidwe ka moto kaja, chifukwa pachitunda injini inkagogoda. Anthu anawapeza mutu uli m'boneti. Pamene ndinkafika, kondakitala wina anali atawagwira pakhosi pa ovolosi, sipanala ili pansi. Bambo wina wogulitsa nyama anali atanyamula njerwa.

"Nachita chani, bakamba? Nachita chani?" ankafunsa a Mwanza, maso ali tong'o.

"Mayi ake afika! Apatseni njira!"

Ndinadutsa pakati pawo. Mphira uja ndinaudula ndi mano. Chitseko chinatseguka. Chitenje chinali pomwepo, chitakulungidwa, osagwedezeka, osalira.

"Yankho! Yankho mwana wanga!"

Ndinachinyamula ndi manja awiri, nkuchikumbatira pachifuwa. Chinali cholemera, cholimba, chozizira. Chinalira, ngwee! Mfundo inamasuka, ndipo pa tala panagwa koyilo yakale, mawaya akale a mapulagi, masipanala, ndi mapointi aja.

Msika wonse unayang'ana pa tala.

Kenako mayi wina wogulitsa tomato anagwira kumutu.

"Mayo ine! Wamusandutsa zitsulo!"

Phokoso limene linabuka pamenepo sindidzaliiwala. Ena anathawa, ena anayandikira kuti aone bwino. Mayi a Joyce, amene anali atangofika, anadzigwetsa pansi nkuyamba maliro. Ndipo ine, mayi wobatizidwa, woimba kwaya, ndinawerama nkutola koyilo ija. Inali yakuda, yonenepa, yozungulira bwino. Ndinaitembenuza uku ndi uku kufuna kuona kumaso kwake.

"Yankho?" ndinaitana chapansipansi.

"Mubweze mwanayo!" anakuwa kondakitala uja akuwagwedeza a Mwanza. "Mubweze pompano!"

"Mwana uti? Ine sininaone mwana m'motoka! Iyo ni koyilo, amai, koyilo! Ikani pansi, ili na oilo!"

"Wamva? Akuti sanamuone! Akukana!"

Bambo wa njerwa uja anakweza dzanja. A Mwanza anatseka maso, nayamba kutchula maina a ana awo mmodzimmodzi. Ndinali nditaima pakati pa msewu, koyilo ndili nayo pachifuwa, osadziwa ngati ndiitaye kapena ndiiyamwitse.

"Patukani! Patukani! Tiyeni timuone wakubayo!"

Mawu amenewo ndinawadziwa. Anthu anapatuka, ndipo panatulukira njinga yathu, woyendetsa ali thukuta kamukamu, chibonga atapanira kukhwapa. Anali bambo a Yankho. Anamva mfuu ali kunyumba, nanyamuka kudzathandiza kugwira chigawenga. Anatsika panjinga mwaukali, ndipo atatembenuka kuti aiimike, msika wonse unaona kumsana kwawo. Anali atabereka mwana ndi thaulo losambira, mfundo ili pambali, kamutu kakusuzumira paphewa, kakuyamwa chala.

"Ali kuti wakubayo?" anafunsa. Kenako anaona a Mwanza ali m'manja mwa kondakitala, anaona galimoto yawo, anaona ine ndi koyilo. "Kodi chikuchitika nchiyani pano? Mwana amene wabedwayo ndi wa ndani?"

Njerwa ija inatsika pang'onopang'ono. Mayi a Joyce anadzutsa mutu pamene anagona, fumbi lili kumaso.

"Ndi wanu," anatero.

Bambo a Yankho anapotoza khosi, nayang'ana kumsana kwawo nthawi yaitali.

"Uyu? Uyu ndamuchotsa ndekha tisanalize injini! Chitenjecho anali atachinyowetsa kale, ndiye ndinangokulungiramo zitsulo. Nanga inu mayi a Yankho, chimene mwanyamulacho ndi mwana wa ndani?"

Azimayi anzanga, musanadzutse mudzi wonse kuti ukufunireni mwana, yambani mwafunsa bambo ake.