Tsiku limene ndinamwetsa injini thobwa

Amene akuti ndine wabodza aimirire ndimuone nkhope. Inu amakaniko a lero, popanda kakompyuta kanuko simungadziwe ngati injini yatentha, koma ine Jelasi Mbewe ndimangonunkhiza. Ngakhale amake Tisa, amene mukudya mandasi awowa, ndinawakwatira chifukwa cha mphuno yomweyi.

Bambo awo, aphunzitsi a Zulu a ku Madzimoyo, anali ndi kagalimoto kofiira kampikisano, ka mipando iwiri, kopanda denga, kamene anagula kwa mzungu wa fodya atatsala pang'ono kubwerera kwawo. Kankawira ngati ketulo. Amalume atapita kukandifunsira mbeta, mkuluyo anangoti, "Mwati ndi makaniko? Andiyendetse mpaka ku boda ya ku Mwami ndi kubwerera. Singano ya kutentha ikangokhudza pofiira, akafune mkazi kwina."

Galimoto zakalezi zili ndi khalidwe lake. Madzi a mu injini azikhala pakati pa madigiri eyite ndi nainte, otentha oti n'kufululira tiyi koma osabwata. Akazizira, injini imatsokomola ndi kumwa petulo ngati chidakwa. Akabwata, hedi ya injini imapindika, basi ukwati watha.

Unali mwezi wa Okutobala, mukumva? Dzuwa lake loti phula linasungunuka mpaka njinga zitatu za ogulitsa makala zinamira pamsewu, ndipo mukamadutsa pamenepo lero mumamva mabelu akulira pansi. Ine singano sindinkayikhulupirira. Ndinamangirira chitini cha nsawa pa injini, chifukwa nsawa zikamanunkhira bwino ndiye kuti kutentha kuli m'malo mwake, zikayamba kupserera ndiye kuti zinthu zavuta.

Tinadutsa m'tauni ya Chipata fungo lili bwinobwino, agalu a m'makomboni onse akutithamangira pambuyo. Koma titangoyamba mtunda wopita ku Mwami ndinamva kupserera, mtima wanga unagwa, chifukwa mtsikanayo ndinkamukonda zoti sindinkadya. Madzi anali atauma. Kuima ndiye kudziulula. Mwamwayi aphunzitsi maso anali pa singano, osaphethira, ndiye ine ndinamanga chiwongolero ndi taye, n'kupanikiza chopondera moto ndi nsapato yanga, n'kukwawa pamwamba pa boneti galimoto ikuthamanga, dzanja ili n'kutsomphola chigubu cha thobwa kwa mayi wina amene ankagulitsa m'mbali mwa msewu, dzanja linali n'kutukula boneti, chotsekera cha radiyeta n'kutsegula ndi mano. Dzino ili linathera pamenepo, onani.

Nditathira thobwalo, nthunzi inakwera kumwamba n'kusanduka mtambo, mtambowo n'kutitsogolera mpaka pa boda, ndipo kumeneko kunagwa mvula ya thobwa yotsekemera kale, madalaivala a mathiraki akutchera makapu, a kasitomu akunyambita mapepala, amayi ena mpaka anathamangira kumunda kukabzala chimanga poyesa kuti dzinja lafika. Mukumva? Mbali ya ku Malawi sikunagwe ngakhale dontho, mtambowo unalibe pasipoti.

Ndinabwerera pampando aphunzitsi osadziwa kanthu. Tinakhota, n'kutsetsereka mpaka ku Madzimoyo, singano ili pakati penipeni, osasuntha ngakhale pang'ono. Mkuluyo anatsika, anatafuna nsawa ziwiri zopserera zija, n'kunena kuti, "Auzeni amalume anu abwere Loweruka."

Tsono pali kanthu kamodzi kamene sindikonda kukanena. Kagalimotoko sikanalirenso kuyambira tsiku limenelo, nkhuku zakhala zikuikiramo mazira zaka zonsezi. Chaka chatha ndinati ndikadzutse, ndipo nditamasula galasi la geji ya kutentha ndinapeza singano ija itamatidwa ndi ulimbo, pakati penipeni. Ndinapita nayo kunyumba kukawaonetsa amake Tisa. Iwo osadabwa n'komwe, anangopitiriza kukanda ufa wa mandasi.

"Inu atate ake Tisa," anatero, "mumayesa ndikanasiya ukwati wanga m'manja mwa mphuno yanuyo?"

Sekani, palibe kanthu. Ulimbo anamata ndi iwo, ndavomera. Koma thobwa ndinathira ndine, ndipo amene akukana apite ku Mwami akanyambite denga la kasitomu.