Tsiku Limene Boma Linalamula Kuseka

Ku Roccavento kuno, mukafuna kuti nkhalamba ziseke mpaka kutsokomola, ingotchulani mpunga. Zidziwiratu kuti mukunena malemu Zi Pancrazio, mkulu amene anadana ndi mpunga zaka makumi anayi ndi chimodzi ngati unawalanda mkazi. M'sitolo mwa Filomena akaona thumba la mpunga, ankalowa chammbali atatseka pakamwa ndi chipewa, ati kambewu kena kangadumphe.

Ntchito yawo inali yolengeza. Masiku amenewo odziwa kuwerenga m'tauni muno anali wansembe, dokotala ndi Don Ermete wogulitsa mankhwala, ndiye uthenga uliwonse wa boma unkayenda ndi lipenga. Zi Pancrazio ankaima pamphambano, kuliza lipenga lawo lopindika lija, kenako n'kukuwa. Mawu anali nawo, pamenepo tisawanamizire. Akalengeza kuti kwabwera nsomba, abulu a kuchigwa ankayankha. Vuto linali makutu. Ankamva theka la nkhani, theka linalo n'kumalizitsa okha.

Inali nthawi ya chipani cholamula cha a malaya akuda. Boma la ku Roma linaona kuti Ataliyana tikumaliza tirigu ndi makaroni athuwa, tirigu wina n'kumachita kugula kunja, pamene mpunga wa kumpoto uli mbwee m'nkhokwe. Basi linagamula kuti wokonda dziko lake adye mpunga. Ena mpaka ankalemba m'nyuzipepala kuti makaroni amalemetsa mimba, msilikali sangathamange nawo. Koma ife kuno mpunga tinkaudziwa ngati chakudya cha odwala. Ukaona mayi akugula kachikho ka mpunga, unkafunsa kuti, "Wadwala ndani?"

Tsiku lina Don Ermete, amene analinso mlembi wa chipani, anawaitana.

"Pancrà, tchera khutu. Lamlungu likudzali ndi tsiku la riso. Kubwera akuluakulu ochokera ku Potenza. Aliyense adzakhale pabwalo, ndipo adzaonetse kuti zikumukomera."

"Riso, Don Ermè?"

"Riso. Boma lalamula, dziko lonse."

"Ngakhale amene alibe chifukwa?"

"Chifukwa chake ndi boma. Kazipita."

Tsoka lake, m'chilankhulo chathu liwu lakuti riso lili pawiri: ndi mpunga, komanso ndi kuseka. Zi Pancrazio anatsika masitepe akusinkhasinkha. Mpunga? Tauni yonse singadwale tsiku limodzi. Kuseka ndiye kunamveka bwino, pajatu boma lomweli linali litalamula kale kayendedwe, kaperekedwe ka moni ndi kuchuluka kwa ana. Linatsala ndi mano okha.

Lipenga linalira pamphambano zonse zisanu ndi ziwiri.

"Tamverani, tamverani! Boma lalamula kuti Lamlungu aliyense abwere pabwalo adzaseke. Akuluakulu akangoyamba kulankhula, inu sekani. Wosaseka adzaonedwa."

Don Ermete sanamve, anali atapita ku Potenza kukatenga alendo. Wansembe anamva, koma anangotseka zenera mwakachetechete, chifukwa anali ndi zake ndi Don Ermete. Ndiye sabata yonse anthu anali kuyeserera, amayi kuchitsime, abambo kumunda. Mayi Addolorata, amene anali atangoika amuna awo, anaimitsa Zi Pancrazio panjira.

"Zi Pancrà, nanga ife a zovala zakuda tikhululukidwa?"

"Sekani pang'ono, mayi, chamumtima. Koma mano aoneke."

Lamlungu kunabwera lole ya matumba, chimphika chachikulu, ndi bwana wina wonenepa wa nsapato zofika m'mawondo. Anakwera pa tebulo, manja m'chiuno, chibwano m'mwamba.

"Anthu a ku Roccavento, dziko lathu lili pa nkhondo ya tirigu..."

Zi Pancrazio analiza lipenga, bwalo lonse n'kuphulika. Poyamba kunali kuseka kokakamiza, kouma gwa. Koma anthu ataona nkhope ya bwanayo, kenako ya Don Ermete, kuseka kwenikweni kunabwera kokha. Bwana akakalipa, anthu ankayesa kuti sakuseka mokwanira, n'kuwonjezera. Mayi Addolorata anagwira mtengo, misozi ili chuchuchu, kuseka koyamba chiikireni amuna awo.

"Mukuseka chiyani, mbuzi inu?"

Zi Pancrazio anapita kutsogolo, n'kutukula dzanja monga mwa lamulo.

"Tikumvera boma, bwana."

M'mawa mwake anawalowetsa kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Chilango cha a malaya akuda mukuchidziwa: mafuta a nsatsi otsegula m'mimba, botolo lonse, Don Ermete atawatsina mphuno ndi dzanja lake. Masiku atatu lipenga la mkuwa silinamveke m'tauni muno, ngakhale oyandikana nawo nyumba amati linalo silinapume. Tsiku lachitatu akazi awo, a Nunziata, anabwera ndi mbale ya mpunga yofuka nthunzi.

"Idyani, Pancrà. Adokotala ati umatseka m'mimba."

"Wachokera kuti?"

"Ndi wa pa lole uja."

"Boma landitsegula, boma lomwelo linditseke? Ndine chitseko ine?"

Anadzuka, n'kutsamira makoma mpaka kutchalitchi, pamaso pa chifanizo cha Rocco Woyera ndi galu wake. "Mboni ndinu awiri," anatero. "Mpunga sindidzadya mpaka imfa."

Nkhondo itabwera, buledi anayamba kuyendera khadi la boma logawira chakudya, khofi anasanduka balere wokazinga, ndipo miyezi ina khadi linkabwera ndi mpunga m'malo mwa makaroni. Onse anadya, ngakhale aja ankautukwana. Zi Pancrazio gawo lawo ankathirira nkhuku, iwo n'kumatafuna nyemba ndi masamba akutchire mpaka buluku linayamba kumangidwa ndi chingwe. Tsiku lina a Nunziata anawakazingira dzira. Foloko inali itanyamuka kale pamene inaima m'malere.

"Dzira ili ndi la nkhuku iti?"

"Tili ndi nkhuku zingati pakhomo pano?"

"Ndiye ndi mpunga uwu. Wangovala chigoba."

"Mukapanda kudya, ndidya ine."

Zi Pancrazio anathamangira kwa wansembe kukafunsa. Wansembe anagamula kuti chimene chadutsa mwa nkhuku chakhululukidwa. Anabwerera akuimba mluzu, n'kupeza a Nunziata akupukuta mbale ndi kachidutswa ka buledi.

Nkhondo itatha, malaya akuda anasowa ngati sanasokedwepo. Don Ermete anatulukira ndi malaya oyera ndi korona m'manja, ati iye anthu aja sanawakondepo. Ndale nazo zinasintha mphika. Chisankho chikayandikira, chipani cha kutchalitchi chinkagawa mapaketi a makaroni, chipani chofiira n'kumawotcha soseji pabwalo. Zi Pancrazio ankalengeza za onse, n'kudya kwa onse.

"Boma lililonse limalowera pakamwa," ankatero. "Lija linatilanda makaroni kuti timvere, ili likutipatsa makaroni kuti timvere. Bola ili, umamvera utakhuta."

Aliyense wofuna mavoti ankamufunsa funso limodzi basi: "Za mpunga mukuti bwanji?" Loya wina wachilendo anayankha kuti ndi chakudya chabwino zedi. Anagwa ndi mavoti mazana atatu, malinga ndi Zi Pancrazio. Enafe timakumbukira asanu ndi limodzi.

Koma choipa chitsata mwini. Zi Pancrazio anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, Donata, amene ankamukonda koposa lipenga. Monga achinyamata onse a nthawi imeneyo, Donata anakwera sitima kupita ku Torino kukasoka mipando ya galimoto kufakitale. Chaka chachitatu anabwera pa tchuthi n'kunena kuti wapeza mwamuna, dzina lake Gaudenzio, wa kufupi ndi Vercelli.

"Kwawoko amalima chiyani?"

Donata anayang'ana amayi ake. Amayi ake anayang'ana denga.

"Amalima m'madzi, atate."

"Nsomba?"

"Mpunga."

Zi Pancrazio anati ukwati umenewo udzachitika iwo ali m'bokosi. Koma Donata anali mwana wawo ndithu, makani anatengera onse.

"Amayi a Gaudenzio apalira mpunga zaka makumi atatu, miyendo m'madzi, udzudzu kumsana. Si iwo anakutsinani mphuno. Abwera ndi thumba la m'munda mwawo. Mukawachititsa manyazi, atate, ine ndikwera basi, ndipo Roccavento sadzandionanso."

Sanakuwe, ndipo n'chimene chinawaopsa. Munthu amene sanaope mafuta a nsatsi kapena njala anachita mantha enieni, chifukwa ankadziwa kuti a m'banja mwawo akalumbira sabwerera. Anagwirizana chonchi: paphwando kudzakhala makaroni, mpunga udzangoponyedwa pakhomo la tchalitchi monga mwa mwambo wa kwawo kwa mkamwini.

"Kuuponya ndivomera," anatero. "Ndi ntchito yokhayo imene umayenera."

Tsiku la ukwati anatseka pakamwa kuyambira kunyumba. A Nunziata ankauza alendo kuti dzino likuwawawa. Akwati atatuluka, mpunga unagwa ngati matalala, Zi Pancrazio ali chilili, milomo ili pamodzi ngati yosokedwa. Zonse zinkayenda bwino mpaka Don Ermete, atakalamba tsopano, anayamba kukankha anthu ndi ndodo kuti akhale woyamba kupereka moni, monga ankachitira pa maboma onse. Anaponda mpunga pa masitepe osalala aja. Ndodo uko, chipewa uko, miyendo m'mwamba, n'kutsika masitepe anayi ndi matako, limodzilimodzi.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu Zi Pancrazio anadikira tsiku limeneli. Anaseka kukamwa kuli yasa ngati uvuni. Nthawi yomweyo amayi a mkwati, mayi Ortensia, kamunthu kopindika msana koma ka dzanja lamphamvu, anaponya dzanja lodzaza.

Mpunga wina unagwera m'kamwa mwa Zi Pancrazio. Aliyense wa ku Roccavento ankadziwa chimene chili m'kamwamo. Kulavula kukanakhala kulavulira mayi uja ndi zaka zake makumi atatu, pakhomo la tchalitchi, pamaso pa abale ake. Kumbuyo kwawo chitseko chinali chotsegula, Rocco Woyera ndi galu wake akuonerera. Kutsogolo kunali Donata. Sanawachonderere, anangowayang'ana.

Mayi Ortensia, amene za lumbiro sankadziwa kanthu, anamwetulira.

"Asewere, ndi wa m'munda mwathu umenewo. Mwaumva bwanji?"

Kholingo la Zi Pancrazio linakwera, linaima pang'ono ngati likuganiza, kenako linatsika.

"Ndi wosapsa," anatero. "Koma ndi wolimidwa bwino."

Donata anawakumbatira mwamphamvu mpaka nsalu ya kumutu inagwa.

Kuyambira m'mawa mwake anayamba kukana. Ati iwo analumbira za kudya, ndipo kumeza si kudya. Tauni inagawika pawiri, a kumeza ndi a kudya, ndipo ku bala mkangano wake unkatentha kuposa wa chisankho.

"Zi Pancrà, unalowa kapena sunalowe?"

"Iwe, ukameza ntchentche, umauza anthu kuti wadya ndiwo?"

Koma Donata ankabwera chaka chilichonse, poyamba ndi mwamuna wake, kenako ndi ana atatu olankhula ngati a kumpoto. Agogo awo ankawaphunzitsa kuliza lipenga ndi kudya makaroni osadula.

A Nunziata anatsogola. Patapita zaka ziwiri Zi Pancrazio anagona osadzukanso, Donata n'kubwera kudzawasamala. Dokotala wachinyamata, mlendo m'tauni muno, anati azidya mpunga wophika m'madzi.

"Mpunga ndi wa odwala, adokotala. Ine sindikudwala, ndikufa. N'zosiyana."

Koma masana ena anauza Donata kuti atseke mawindo.

"Wa apongozi ako uja ulipo?"

"Ulipo, atate. Nanga lumbiro?"

"Ndinati mpaka imfa. Si iyo ili pakhomopo, ikupukuta nsapato? Phika mmene amaphikira kwanuko."

Donata anaphika ndi batala, anyezi, msuzi wa nkhuku ndi tchizi, akutakasa misozi ikutsika. Anadya pang'onopang'ono mpaka mbale inayera. Anaika supuni pansi.

"Zaka makumi anayi ndi chimodzi," anatero. "Agalu aja anandimana chinthu chokoma chonchi. Usauze munthu ndili moyo. Ndikapita ukalengeze, anthu aseke."

Anamwalira patapita masiku awiri. Bokosi litatuluka m'tchalitchi, Donata anaima pa masitepe aja, n'kutenga lipenga la atate ake. Linalira ngati mbuzi yotsamwa.

"Tamverani, tamverani," anatero. "Pancrazio wadya mpunga. Mbale yonse. Ati ndi wokoma."

Tinaseka, anthu inu. Onyamula bokosi anachita kulitsitsa pansi. A kumeza ndi a kudya anagwirana mapewa, wansembe anabisa nkhope m'buku. Palibe boma linatilamula tsiku limenelo. Kenako kuseka kuja kunatembenuka kokha, tinangozindikira tonse tikulira.

Lero lipenga lili pa khoma ku bala, lachita dzimbiri. Uthenga wa boma umabwera pa pepala, wolembedwa bwino, ndipo palibe amaumva molakwika. Nyumba zambiri n'zotseka, eni ake ali ku Torino. Mpunga timadya tsopano, Lachinayi kapena Lamlungu, popanda wofunsa kuti wadwala ndani. Mdzukulu wa Filomena amaugulitsa m'mapaketi, mitundu itatu. Koma riso winayo, uja sagulitsa m'sitolo, ndi wosowa pabwalo pano chipitireni mwini lipenga, ndipo timamusowa kwambiri mkulu ameneyu.