Matumba a Bo Inambao

Ku Dambwa North kunalibe munthu amene anatulukapo m'nyumba ya ba Chrispin Daka osasechedwa. Kaya m'bale, kaya wogulitsa tomato, kaya katekisiti wodzaona odwala, pofika pageti aliyense ankamva mawu omwewo: "Pepani, si kuti nikuganizirani. Tulutsani chabe matumba tione." Pamaliro awo anthu ananena zabwino zambiri, monga achitira anthu akaona bokosi. Ena anati anali a mtima woyera. Mwina. Chimene tingaikire umboni n'chakuti ankakayikira ngakhale wotchi ya pamkono pawo, moti ankayamba afunsa nthawi kwa anthu awiri asanaikhulupirire.

Khalidweli analitenga kuntchito. Zaka makumi atatu anaima pageti la hotela ina kufupi ndi Mosi-oa-Tunya, kusecha ophika ndi ochapa akamaweruka. Atapuma, abwana anawapatsa thanki yaikulu yagalasi imene inkakhala polandirira alendo. Ba Chrispin sanafulumire kuthokoza. "Chinthu chabwino munthu sapatsa mnzake," anatero. Anaidzaza madzi, naikhazika pa manyuzipepala masiku atatu kuti aone podontha. Sinadonthe, ndipo izi zinawakhumudwitsa pang'ono.

Anagula nsomba ziwiri kwa mlimi wa maiwe, zamtundu umene Alozi amautcha njinji. Madzi a pampopi ankayamba awagoneka m'ndowa masiku awiri kuti mankhwala atuluke. Magetsi akazima, kampope kopereka mpweya m'thankimo n'kuima, ankatenga pampu ya njinga n'kumapopa okha, thukuta kamukamu m'kutentha kwa Okutobala.

"Batate Joy," ankatero akazi awo, ba Tionenji, "ine pamene ninadwala malungo simunanikupize ngakhale na katoni."

"Imwe muli na mphuno, bamake Joy. Mupuma mweka."

Mnzawo weniweni anali mmodzi, bo Inambao, Mlozi wa ku Senanga amene anapuma ntchito ya njanji. Anali chimunthu chachikulu choyenda ndi ndodo, ndipo pogogoda chitseko ankagogoda ngati wapolisi. Akazi awo anamwalira kale, ana ali ku Lusaka. Chimene chinkawadzutsa m'mawa chinali drafuti ya masana pakhonde la ba Chrispin, imene awiriwa anaisewera zaka makumi awiri ndi zisanu, akunamizirana kubera tsiku lililonse. Za thanki bo Inambao ankangoseka.

"Imwe ba kum'mawa mudabwitsa. Mbewa mudya, ndiwo zenizeni muika pabalaza n'kumazipenya monga TV."

Ba Chrispin sanaseke. Mawuwo anawasunga.

M'mawa wina m'thanki munapezeka tiana, tating'ono ngati mpunga wokhala ndi maso, tikuyandama mozungulira make. Ba Chrispin anawerenga kasanu: makumi anayi ndi titatu. Nsomba yaimuna anaichotsa nthawi yomweyo n'kuiika m'beseni kubafa, ati nkhope yake sinawasangalatse. Anawiritsa dzira, namadyetsa tianato yolko pansonga ya machesi. Pakamwa pa kampope anamangapo kansalu ka neti kuti tisakokedwe. Ba Tionenji anadziwa kumene kansaluko kanachokera atadzuka ndi zotupa za udzudzu, chifukwa bowo linali mbali yawo ya bedi.

Masana a tsiku limene tianato tinapezeka, bo Inambao anafika. Go! Go! Go! Mazenera mpaka kunjenjemera. Ba Chrispin anathamanga kukatsegula.

"Ngenani muone, imwe amene munena kuti nisunga ndiwo!"

Bo Inambao anatsogola kupita pabalaza, mwini nyumba natsala kukhoma chitseko kawiri monga mwa mwambo wake. Atafika, anapeza mnzawo ataima yekha pathanki. M'madzi munalibe kamwana ngakhale kamodzi. Make anali kuseri kwa mwala, masaya tutumu.

"Bali kuti?"

Bo Inambao anaona masaya aja, nadziwa zonse. Mwana aliyense wokulira m'bwato ku Senanga amadziwa kuti njinji ikamva phokoso imabisa ana m'kamwa. Koma mwayi woseka munthu wa ku Chipata sugwa tsiku lililonse. Anadzipukuta pamlomo.

"Nameza. Chabe mchere unachepa."

Anadikira kuseka, koma sikunabwere. Ba Chrispin anawasecha pomwepo: matumba a jekete, chipewa, masokosi, mpaka kuwauza kuti ayasamule.

"Ba Chrispin, nsomba zamoyo m'thumba la jekete?"

"Mlozi angakwanitse. Tulukani m'nyumba yanga. Munthu wakuba ana sakhala pakhonde panga."

Mawu akuti wakuba anawalasa bo Inambao. Pazaka zonse za kunjanji sanasowetsepo ngakhale bawuti. Anaganiza kuti munthu wonena zotere safunika kumufotokozera kanthu. Anatenga ndodo yawo n'kutuluka, ndipo pageti panalibe wowauza kuti atulutse matumba. Aka kanali koyamba.

Patapita ola, tiana tonse tinabwerera m'madzi. Wina akanaganiza kuti analakwitsa. Ba Chrispin anaganiza kuti akuba ndi awiri. Ati bo Inambao anachita manyazi, napatsira ba Tionenji tinsombato m'kapu kudzera pachitseko cha kukhitchini. Kuyambira tsikulo ba Tionenji ankaonetsa m'kapu asanadutse pabalaza.

Bo Inambao anakhala kwawo masiku anayi. Nthawi ya drafuti ikakwana ankapezeka atavala chipewa, kenaka n'kuchivula. Anayesa kupita ku Libuyu kumene madala ena amasewera drafuti pansi pa mtengo, koma kumeneko munthu akadya zitatu anzake ankangoti wasewera bwino. Panalibe wofuula kuti wabera. Masewerawo sanawakome.

Tsiku lachisanu ba Tionenji anabwera, chitenje chili m'chiuno, nkhope ili gwaa.

"Mulamu, pa Sondo bamudala bazakutchulani ku mphakati wa tchalitchi, pamaso pa bonse. Balemba kale pa pepala, na dzina langa lilipo. Ngati muli na chokamba, kambani manje."

Bo Inambao anawerenga masiku pa zala. Ankadziwa kuti tiana tikangokula pang'ono, make amaleka kutilandira m'kamwa. Umboni wawo unali kudya dzira tsiku ndi tsiku n'kumanenepa. Akachedwa, adzafa ndi dzina la wakuba, ndiponso wopanda wosewera naye. Anavala chipewa, ulendo uno osachivulanso.

Pofika, anavula nsapato pakhonde, nalowera kukhitchini mwakachetechete ngati mphaka. Ba Chrispin anali pampando patsogolo pa thanki, machesi m'manja.

"Mwabwera kutenga otsala?"

"Nkhalani pamene muli. Mphuno pagalasi, maso pa mai wawo. Mulamu, tengani ndodo iyi, mugogode chitseko monga nigogoda ine."

Ba Tionenji anali ndi mkwiyo wa masiku asanu. Anamenya chitseko mpaka kalendala inagwa pakhoma. M'thanki tiana tonse tinathamangira kwa make, iye natsegula kamwa, tonse psiti.

Ba Chrispin analumpha. "Mayo! Wadya bana bake! Mfiti! Bamake Joy, ikani mafuta pamoto, lelo tizamudya uyu!"

Bo Inambao anawagwira mkono. "Nkhalani pansi, mdala. Sanameze. Wabisa. Ine nili mwana, batate bakakoka ukonde, nsomba izi zenze kulavula bana pa mapazi panga m'bwato. Osakamba, osayenda. Tiyembekeze."

Anakhala atatuwo osagwedezeka. Ntchentche inatera pamphuno ya ba Chrispin, iwo osaiingitsa. Patapita nthawi, nsomba ija inatuluka kuseri kwa mwala, niyang'ana uku ndi uku, nilavula kamtambo ka tiana. Ba Chrispin anawerenga, nabwerezanso.

"Bonse," ananong'ona.

Bo Inambao anakonza kolala, kudikira kupepesa. Ba Chrispin anayang'ana nsomba, nayang'ana mnzawo, nayang'ananso nsomba.

"Manje imwe na nsomba iyi munadziwana liti?"

"Ba Chrispin!"

"Nifunsa chabe. Nonse ni ba mu Zambezi." Anakhosomola, natembenukira kukhitchini. "Bamake Joy, bweretsani drafuti. Na tiyi. Kapu osaonetsa."

Pepala la ku mphakati silinatchulidwenso. Madzulo bo Inambao akupita, anamva kumbuyo kwawo: "Pepani, si kuti nikuganizirani." Anatulutsa matumba onse mokondwa ngati munthu wolandira mendulo.

Tiana tija tinakula, tina tinabadwa, ndipo ba Chrispin anagawira anthu ambiri a ku Dambwa, ngakhale ankapita m'nyumba zawo osalonjeza kukaona ngati sanatikazinge. Anamwalira chaka chatha m'nyengo yozizira. M'chipatala anakayikira mapiritsi, anakayikira sikelo, anakayikiranso dokotala chifukwa ankamwetulira kwambiri. Koma tsiku lomaliza anaitana bo Inambao.

"Nsomba muzazidyetsa ndimwe. Wakuba wodziwika ndiye mlonda wabwino." Anapuma pang'ono. "Koma thanki isachoke m'nyumba yanga."

Masiku ano munthu ukhoza kulowa ndi kutuluka pageti lija ndi thumba lodzaza, palibe wokufunsa. Wogulitsa tomato akuti msewuwo wasanduka ngati misewu ina yonse. Bo Inambao amabwera m'mawa uliwonse, dzira lowiritsa m'manja. Ndodo amaisiya panja, ndipo sagogoda. Amadyetsa, amawerenga kawiri, kenaka amakhala pang'ono pakhonde pomwe pankakhala drafuti.

Tsiku lina ba Tionenji anasuzumira pazenera, naona mkuluyo ataima yekha pageti, matumba a jekete ali lende kunja, akuyang'ana chitseko ngati woiwala chimene akudikira. Anapukuta manja pachitenje, natuluka. Anayang'ana thumba lakumanja, nayang'ana lakumanzere, mosafulumira, monga ankachitira mwini wake.

"Mulamu," anatero, "la kumbuyo simunatulutse."