A Lawrence ndi Maliro a Ajeremani a ku Hull

Aliyense amene anakhalako ku Hull zaka zija anamwino athu ankafika motsatizana akudziwa kuti a Lawrence Kamtedza sankadutsa maliro. Kaya womwalirayo ndi mzungu, kaya ndi mmwenye, kaya sanamuonepo chibadwire, iwo akangoona galimoto yakuda yonyamula bokosi ankaliza belu la basi, kutsika, kuvula chipewa n'kuima chilili mpaka mdipiti wonse utadutsa. Kenako ankadikira basi ina. Kumalo osungira katundu kumene ankagwira ntchito, bwana wawo anachita kutopa nawo. Akachedwa ankangowafunsa kuti, "Wafanso ndani, Lawrence?"

Kwathu anali mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza. Anabwera mu 2002 potsatira akazi awo, mayi Asimenye, amene ndinkagwira nawo ntchito ya unamwino. Ine ndine Watson, ndipo ndinene poyambirira kuti ine zoyendayenda kumanda si zanga ayi.

Chimene chinawasokoneza mutu a Lawrence anachiona atangofika kumene. Nkhalamba ina yoyandikana nayo nyumba inamwalira, iwo n'kuvala jekete kupita. Anakapeza m'busa ndi mayi mmodzi wa ku khonsolo, basi.

"A Watson, anthu atatu!" anandiuza madzulo ake. "Wachitatuyo ndine! Kwathu mbuzi ikagwera m'chitsime anthu amachuluka kuposa pamenepa. Ine ndikadzafa kuno adzandiika ndani? Inuyo mudzakhala muli pa shifiti."

Ndinati asadandaule, tidzawakweza ndege ngati ena onse. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Loweruka lina akuyenda pansi anadutsa pafupi ndi manda akalekale, aja omera zitsamba ndi minga. Anaona azungu achikulire atazungulira manda amodzi, mitu ataweramitsa, mayi wina atagwada ndi kampango m'manja. A Lawrence sanafunse. Analowa, kuvula chipewa, kukhala pansi pa udzu wonyowa, n'kuyambitsa nyimbo ya maliro ndi besi yawo ija. Azungu aja anangoti kakasi. Nyimbo itatha anadzuka n'kumapatsa aliyense dzanja, kupepesa.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero kwa wogwada uja. "Atisiya liti?"

"Mu 1887."

A Lawrence anapukusa mutu. "Koma ndiye uthenga unachedwa."

Sanali maliro. Linali bungwe la zidzukulu za Ajeremani amene anabwera kumpoto kwa England kalekale kudzatsegula mabutchala a nkhumba. Ankakumana kufufuza makolo awo, ndipo kuwerama kuja ankayesa kuwerenga dzina lofufutika pamwala. Mayi wogwadayo, a Gertrude, ankapukuta ndere ndi kampangoko. Munthu wina akanachita manyazi n'kuthawa. A Lawrence anafunsa kuti adzakumananso liti.

Wapampando wa bungwelo, a Ken, bambo wamtali woyankhula ngati akuopa kudzutsa mwana, anavutika nalo funso limodzi kwa nthawi ndithu. Pomaliza analimba mtima.

"Bambo Kamtedza, musakhumudwe. Kodi kwanu kuli magazi a Chijeremani?"

"Magazi ayi," anatero a Lawrence. "Koma agona apawa anabwera pa sitima kudzagwira ntchito, akuti abwerera chaka chamawa. Sanabwerere. Ana awo anayamba kuwayankha m'Chingerezi. Mukufuna chibale chinanso chotani?"

A Ken anawalandira, ndipo pamenepo ndi pamene bungwe linaona zakuda. A Lawrence anapeza kuti anthuwa mbiri amaidziwa koma mwambo alibe. Ankaponda pamanda, ankaloza manda ndi chala, wina mpaka kukhala pamwala wa agogo ake n'kumadya sangweji.

"Tsikani pamenepo, bambo! Mwakhalira munthu!"

Anayamba kunyamula chigubu cha madzi, ndipo potuluka pageti aliyense ankayenera kusamba m'manja, ngakhale kukuzizira kochita kuuma zala. Anaitanitsanso khasu kuchokera kwawo, lenileni la mpini wa mtengo, chifukwa ankati timafosholo ta kuno ndi tosewerera ana. Tsiku loyamba kukwera nalo basi dalaivala anakana.

"Chimenecho n'cha chiyani?"

"Ndikupita kumanda."

"Kukakumba chiyani?"

"Kwa abale."

Tsiku limenelo anayenda pansi. Kuyambira pamenepo khasu linkayenda litakulungidwa m'chitenje cha mayi Asimenye.

Ife anzawo tinkawaseka. Tinawapatsa dzina loti Mjeremani wa ku Dedza, ndipo iwo ankavomera. Ankabwera kumisonkhano yathu ndi mapayi a nkhumba, timabanzi tokhala ndi nyama m'kati, n'kumatiuza za anthu amene anafa agogo athu asanabadwe ngati akunena za aneba: uyu anakwatira wantchito wake, uyo butchala yake anthu anaiswa mawindo nthawi ya nkhondo mpaka anasintha dzina. Ana awo, Nicole ndi Daniel, akamva bambo ayamba zimenezi ankangoti "Dad, please," n'kukwera kuzipinda zawo zam'mwamba.

Chimene sindinawakhululukire msanga chinachitika mu 2006. Anatiimbira foni tonse, a ku Hull, a ku Salford mpaka a ku Bolton, kuti kuli mwambo wa chiliza cha m'bale wawo. Nanga munthu ungakane za chiliza? Tinasinthana mashifiti, amayi anamanga zitenje, ena anakwera sitima ya pamtunda m'mamawa. Titafika tinapeza mwala watsopano wolembedwa dzina losatchulika. Anali agogo awo a agogo a mayi Gertrude. Manda awo anapezeka opanda chizindikiro, a Lawrence n'kuwalambula ndi khasu lija, n'kuumirira kuti mwala suikidwa mwakachetechete ngati wakuba.

Ine magazi anawira. "A Lawrence, ndasiya odwala amoyo chifukwa cha munthu wa mu 1891?"

"A Watson, mwafika kale. Gwirani tenala."

Tinaimba, nanga tikanatani. Ndipo tinaimba bwino, chifukwa Amalawi akapsa mtima amakweza mawu. Mayi Gertrude analira mpaka magalasi kuchita nthunzi. Anati chiyambire kufufuza makolo awo, aka kanali koyamba kumva kuti munthuyo anafadi.

Pobwerera tinakhala mpando umodzi m'basi, khasu lili pakati pathu. A Lawrence anati, "Mwaona? Zaka zoposa zana, chiyankhulo anaiwala, koma akumufunabe. Ine mudzandiike konkuno. Ana angawa ku Dedza sadzapitako kukasesa. Kuno mwina chidzukulu china chidzandipeza."

Ndinati zimenezo akauze akazi awo. Anati anawauza kale ndipo sanayankhulane sabata yonse.

A Lawrence anamwalira mu 2008, mtima, ali kuntchito. Achibale kumudzi anakuwa pafoni kuti thupi libwere. Mayi Asimenye anati bambo ananena okha, ndipo zinathera pomwepo. Vuto linali tsiku: khonsolo inatipatsa Lachiwiri m'mawa, ndipo pachipatala anthu ankaperewera. Wina anakanizidwa kuchoka, wina mwana anadwala, a ku Salford anati afika Loweruka kudzapepesa. Titasonkhana kunyumba ya siwa tinali ochepa ochititsa manyazi. Ndinayang'ana m'chipindamo n'kukumbukira mawu aja akuti mudzakhala muli pa shifiti, ndipo zinandipweteka kwambiri.

Kenako panja panaima basi yaikulu ya hayala, kutseka msewu wonse. Anayamba kutsika mmodzimmodzi, ndodo patsogolo, imvi zokhazokha. Anachokera ku Hull konkuno, ku Bradford, ku Leeds, mpaka ku Bolton. Abambo anavula zipewa n'kuima panja pamodzi ndi ife. Amayi analowa m'nyumba, ndipo mayi Gertrude, atamanga chitenje chokhota pamwamba pa chikhothi, anakana mpando.

"Lawrence anati pamaliro amayi amakhala pansi, pafupi ndi wamasiye."

Anakhaladi pansi onse, kuwongola miyendo. Kukhala kunali kosavuta. Nthawi yonyamuka itakwana panafunika anamwino onse amene tinalipo kuwadzutsa mmodzimmodzi, mawondo akulira ngati zitseko zakale. Mayi Asimenye, amene anali asanamwetulirepo chimwalirire amuna awo, anaseka misozi ili mbwee.

Kumanda anthu anadzaza mpaka kumpanda. Palibe amene anaponda pamanda a wina. A Ken anapempha khasu, nathira dothi koyamba pambuyo pa abale, kenako analipereka kwa mnzawo, ndipo linayenda dzanja ndi dzanja mpaka antchito a khonsolo anazimitsa thirakitala yawo n'kumangoonerera. Potuluka tinapeza mayi Gertrude ataima pageti ndi chigubu. Ine ndinali nditaiwala. Anandigwira mkono.

"M'manja, bambo Watson."

Masiku ano basi ikakumana ndi maliro imangodutsa, palibe woliza belu. Misonkhano yathu imatha msanga, ndipo mapayi a nkhumba palibe amene amabweretsa. Ine kumanda sindikukondabe. Koma chaka chatha, mu 2009, mayi Asimenye anandipempha kuti ndiwaperekeze, ndipo tinapezako a bungwe aja ali paulendo wawo wa Loweruka, atabwera ndi alendo ochokera ku Germany. Pamanda a a Lawrence panali polambula bwino, mizere ya khasu ikuonekabe. Nicole anali nawo pagululo, atanyamula chigubu.

Mlendo wina anawerama, kuyesa kutchula dzina la Kamtedza, n'kulephera. Anafunsa kuti banja limeneli linachokera chigawo chiti cha Germany.

"Ku Dedza," anatero mayi Gertrude. "Awa ndi athu. Musaloze ndi chala."