Nsomba za a Mhango m'bokosi lagalasi

Mu Juni, chaka chomwe tinavota kachiwiri, a Mhango, mlangizi wa zaulimi pano pa Chiringa, anawasamutsa ntchito, ndipo anandisiyira nsomba ziwiri zofiira m'bokosi lagalasi. Anati, "Aphunzitsi, madziwa akazizira kapena kutentha mwadzidzidzi, zifa. Pano wowerenga mabuku ndinu nokha. Ndidzazitenga."

Mukuseka chiyani, a Namakhwa? Inu nsomba mumaidziwa ili youma pamulu. Ine ndinaphunzitsa sayansi mpaka kupuma, ndipo munthu wokokomeza nkhani ndimadana naye. Wokayika anyamuke. Pa bawo pomwe pano munkati sabata siitha ndisanazikazinge, ndiye dzina langa linali m'madzi momwemo.

Magetsi ndinalibe. Choyezera kutentha ndinalibenso, koma ndinali ndi chigongono ichi, chomwe amayi amayesera madzi osambitsa khanda, kungoti changa nchosaphonya, moti achipatala ankabwera kudzayeserapo choyezera chawo ngati chikunena zoona. Chiperoni chitatsika m'phiri, kunazizira mpaka tambala akalira m'mawa mawu ake ankamveka masana atasungunuka, ine ndinawotcha njerwa pa mbaula nkuzindandalika mozungulira galasi, ndinaliveka jekete langa laukwati, pamwamba nkukhazikapo nkhuku yofungatira, ndipo nkhukuyo itatopa ndinatenga bango nkumauziramo mpweya wanga masiku atatu osakokako wina. Mukumva? Madzi sanazizire.

Mu Okutobala dzuwa linafika poti chimanga chinkathetheka chokha m'nkhokwe, matayala a njinga akutsalira m'msewu ngati phala. Ndinakuta galasi ndi chiguduli chonyowa nkumalikupiza ndi lichero, pang'onopang'ono ndithu, koma mphepo yake inakasasula denga la tchalitchi ku Jenala. Amenewo anamanga mosasamala, si mlandu wanga. Mbuli ikanathiramo madzi ozizira a mumtsuko kamodzi nkamodzi, nkupha nsomba. Ine ndinkathira ndi sipuni, chigongono chili m'madzi.

Tsono kunagwa maliro ku Nazombe. Ndinachoka masiku anayi, nditawalangiza mayi a Esinati, akazi anga, zonse mwandondomeko. Pobwera ndinapeza nsomba zada bii, mitu yaphwatalala, zamera ndevu. Ndinawafunsa. Anayankha akusesa, osandiyang'ana: "Zakula, bambo. Inuyo ndevu munabadwa nazo?"

Mfundo imeneyo ndi ya sayansi, sindinaitsutse. Zoti alamu anga ogulitsa nsomba za ku Chilwa anagona kwathu sabata imeneyo, ndiponso zoti galasi linapezeka pakhonde padzuwa mayi akukolopa m'nyumba, ndi nkhani za anthu ansanje. Chimene ndikudziwa nchakuti kuyambira pamenepo nsombazo zinalimba modabwitsa. Ina inalumpha, inayenda pansi mpaka kukhitchini, nkubwerera yokha. Ndiwo ubwino wosunga madzi mosasinthasintha.

A Mhango anabwera patatha zaka ziwiri. Anawerama pagalasi nthawi yaitali, anavula magalasi awo, anapukuta, nkuvalanso. Kenako anati, "Aphunzitsi, iyi ndi milamba."

Munthu wophunzira za chimanga angadziwe chiyani za nsomba? Ndinangowamvera chisoni. Anakwera njinga yawo yamoto osatsanzika bwino, bokosi nkulisiya.

Nsombazo zilipo mpaka lero, zonse ziwiri, ndevu zikugunda galasi uku ndi uku. Madzi ndimawayesabe ndi chigongono m'mawa ndi masana. Zofiira zija sindinazionenso.